Mlandu wa Kathirakitala Kofuna Wolemera

Woyankha mlandu anafika pabwalo akukokedwa ndi ng'ombe ziwiri. Matayala ake akumbuyo anali onenepa, akutsogolo ngati a wilibala, ndipo mnyamata amene anamukweza pampando kuti agwire chiwongolero ankabayibitsa anthu ngati phungu wobwera kudzapempha voti. Unali mwezi wa Julaye, umene kuno ku Chongoni dzuwa limatuluka ngati lachita kukakamizidwa. Nkhungu inali idakakuta phiri, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri, ndipo ine mlembi wa bwalo ndinkalemba zala zitauma gwa.

Kwa amene simunaonepo, chinthuchi ndi makina otchetchera udzu, koma osati okankha aja. Awa ndi okwera. Munthu amakhala pamwamba, injini kutsogolo, kunsi kwa mimba kuli mipeni iwiri yozungulira. Ana a m'mudzi muno anangoti ndi Kathirakitala, dzina n'kukhazikika. Mwini wake ndi tchona wathu amene anakhala ku Joni zaka 14 akusamala kapinga ndi maluwa pakhomo pa mzungu, ndipo chaka chatha anabwerera kudzapitiriza chikamwini kwa mkazi wake.

Nduna yaikulu itawomba m'manja, panabuka kamkangano koyamba: chabwalo cha woyankha mlandu alipira ndani, poti Kathirakitala kalibe nkhoswe? Anagwirizana kuti mwini wake alipire mbali zonse ziwiri. Nkhuku ziwiri zinamangidwa miyendo n'kuikidwa kuseri kwa mpando wa amfumu, mlandu n'kuyamba.

"Gogo Chalo," anatero tchona atagwira chipewa pachifuwa, "ndabwera ndi misozi. Makina anga analowa m'mudzi muno akulira bwinobwino. Anatchetcha kanayi, aliyense anaona. Kenako anayamba kumazima okha pakati pa ntchito. Lero ndikapotokola kiyi, zii. Eish! Maluwa anganso, marozi amene ndinachita kubwera ndi timitengo take, afota onse. Ine sindine mwana. M'mudzi muno muli munthu amene walodza..."

"Imani pomwepo," anatero amfumu. "Lamulo la 1911 likadalipo. Mukangoloza munthu chala kuti ndi mfiti, wolakwa ndinu, ndipo mlanduwo suthera pansi pa mtengo uno, ukathera kuboma ku Dedza. Nanga mumati walodza ndani?"

Tchona anaponya diso kumbali kumene kunakhala apongozi ake, atatembenuza nkhope kuyang'ana kuphiri monga mwa ulemu wa apongozi ndi mkamwini. Anameza malovu.

"Sindikuti ufiti, Gogo Chalo. Ndikuti pali dzanja la munthu."

"Lembani dzanja," amfumu anandiuza. Ndinalemba dzanja.

Atafunsidwa mbiri ya woyankha mlandu, tchona anawongoka khosi. Bwana wake, posamukira kunja kwa nyanja, anamupatsa makinawa m'malo mwa ndalama zotsazikira. Anawakweza m'ngolo ya kumbuyo kwa basi pakati pa mafiriji ndi matiresi a anthu, nadutsa nawo Beitbridge, Harare, Nyamapanda, nawoloka Zambezi ku Tete, mpaka pachipata cha Calomue ndi Dedza. Pachipata chilichonse ankafunsidwa ngati ili ndi galimoto kapena khasu, ndipo pena paliponse yankho lake linali ndi mtengo wake.

Apa nduna ina yokalamba, imene inagwirako ntchito m'migodi nthawi ya Wenela, inapempha mpata. Inakumbutsa bwalo kuti mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa ulendo wa kumigodi, ndipo ngakhale unatsegulidwanso, pofika 1988 unatheratu. "Koma ife tinkabwera ndi zinthu zodziwa kukhala m'mudzi," inatero. "Njinga ya Humber, makina osokera, bulangete. Njinga yanga ikuyendabe. Ikadwala, mankhwala ake ndi mphira ndi guluu. Ana a lero akubwera ndi zinthu zofuna kuphikiridwa."

"Funso lanu n'lotani, agogo?" anafunsa amfumu.

"Ndilibe. Ndimangofuna mudziwe kuti njinga yanga ikuyendabe."

Mboni yoyamba anali makaniko wa ku Linthipe, mnyamata wokonza njinga zamoto za kabaza ndi injini za zigayo. Anabwera ndi masipanala atatu m'jumbo. Anagwada, nawomba m'manja, kenako anatsegula chivindikiro cha injini. Bwalo lonse linasendera pafupi, ngakhale amene anabwerera mlandu wa malire a dimba.

"Gogo Chalo, injini ili ngati mphika wa pamafuwa. Mafuwa ake ndi atatu: moto, mafuta ndi mpweya. Limodzi likasowa, nsima palibe. Ndiye tiyambe ndi moto." Anasuzumira kunsi kwa mpando. "Apa pamakhala batire ya mavoti 12, yonga ya galimoto koma yocheperapo. Ndikuona mawaya awiri akulendewera ngati michira ya mbewa. Batire palibe."

"Ndi dzanja lija!" anakuwa tchona.

Amfumu anatsokomola. Anatsokomolanso. "Nkhani ya batire tibwereranso. Pitirizani."

Makaniko anamasula pulagi n'kuikweza m'mwamba. Inali yakuda bii ndi mwaye, kumutu kwake kutadyeka. "Iyi si yake. Iyi ndikuidziwa. Ndinaichotsa ndekha panjinga yamoto ina mwezi wa Janyuwale, ndikuuza mwini wake kuti akagule ina. Patapita masiku awiri njingayo inandidutsa ikuuluka, ine n'kumati mnyamata uja wamva malangizo."

Maso onse anapita kwa mphwake wa mayi wa pakhomopo, mnyamata wa kabaza, amene mwadzidzidzi anayamba kuchita chidwi ndi zala za kumapazi kwake.

"Ndinangobwereka, Gogo Chalo. Inkangokhala. Pulagi yongokhala ndi pulagi yonyamula odwala kupita nawo kuchipatala, yofunika ndi iti?"

Funsoli amfumu sanaliyankhe, ndipo inenso pansi pamtima ndinalephera kuliyankha.

Pa fuwa lachiwiri m'pamene panatenga nthawi. Makaniko anatsegula thanki, nanunkhiza, nabwerera m'mbuyo. Anathira pang'ono m'botolo loyera n'kulikweza kudzuwa. Pamwamba panali mafuta achikasu chodera ngati tiyi wopanda mkaka, pansi pali timadzi tapadera.

"Petuloyu munathira liti, achimwene?"

"Novembala. Nthawi ija mafuta anavuta, magalimoto akugona pamizere. Ndinagula wa m'chigubu pamtengo woboola m'thumba, ndiye ndinati ndisamuwononge. Ndinadzaza thanki n'kusunga."

"Mwasunga miyezi isanu ndi itatu?"

"Nanga chimanga sitisunga?"

Makaniko anapumira m'mwamba. Anafotokoza kuti petulo si chimanga cha m'nkhokwe. Akakhala mwezi umodzi kapena iwiri amayamba kuguga, mphamvu yake imauluka, chotsala chimachita nthenya ngati utomoni. Kuwonjezera apo, petulo wa m'dziko muno, kuyambira 1982, amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa. Ethanol ali ndi khalidwe limodzi: amakoka chinyezi. Ndiye taganizani thanki yongokhala pansi pa phiri limene nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera. Madziwo amatsikira pansi, ndipo ndi amene amayamba kulowa mu kabuleta, momwe muli timabowo tating'ono ngati diso la singano. Timabowoto tikatsekeka, ngakhale mutaitana abusa ndi asing'anga tsiku limodzi, injini siilira. Mankhwala ake ndi kukhuthula thanki, kumasula kabuleta, kutsuka timabowoto ndi kuthira petulo watsopano wongokwanira ntchito ya tsikulo.

Nduna ya Wenela inatchera khutu. "Mwati wochokera ku nzimbe? Ndiye kuti ndi kachasu?"

"Ndi pachibale, agogo."

"Basitu. Kanthuka sikanalodzedwe. Kaledzera. Kakhala miyezi isanu ndi itatu kali m'mowa, mukuti kadzuke bwanji?"

Fuwa lachitatu silinavute. Atatsegula kabokosi ka sefa ya mpweya, munatuluka makoko a mtedza, zitsononkho zotafunidwa, ndi nsanza za chitenje chobiriwira. Khoswe anamangamo nyumba ya zipinda ziwiri. Apongozi, osatembenuka, analankhula kwa ankhoswe awo mokweza kuti ndi kuphiri komwe amve: "Auzeni kuti chitenje chimenecho ndi changa cha Chigwirizano, ndipo ndakhala ndikuchifuna chichokereni Pasaka." Lamba woyendetsa mipeni anapezeka kuti anadulidwa pakati, ndipo mlamu wake wa tchona anavomera yekha asanafunsidwe kuti amamangira matumba a mbatatesi panjinga popita kumsika.

Tchona ataona kuti madzi afika m'khosi, anayesa njira ina. "Komanso kuno n'kumtunda kwambiri, Gogo Chalo. Mpweya wake ndi wopepuka. Makina a kutauni sangapume."

Mphunzitsi wopuma ntchito amene anakhala kumbuyo anakweza dzanja. Anati Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene boma la Dedza lili cha m'ma 1,600. Ngati kanthuka kankapuma kumeneko, kuno kangathe ngakhale kuimba kwaya. Tchona anakhala pansi.

Anyamata anayi anapendeketsa Kathirakitala kuti bwalo lione kumimba. Mpeni umodzi unali utapindika ngati chikwakwa, chogwirira chake chitang'aluka.

"Ili ndi dzanja la yani?" anafunsa amfumu.

Panali kachetechete. Kenako tchona anayankha motsitsa mawu: "Munali mwala m'maudzu."

Mwala m'maudzu, ku Chongoni! Kuno miyala ndiyo eni dziko, dothi ndi mlendo. Mapiri onsewa ndi matanthwe okhaokha, ndipo pakhomo lililonse mwala umasuzumira ngati mwana wofuna kuona alendo. Makina amenewa anapangidwira mabwalo osalala ngati mphasa, kumene munthu amayamba wayenda wapansi kutola timiyala ndi timitengo asanakwere. Pamalo otsetsereka kwambiri amatha kugudubuzika ndi mwini wake yemwe. Tchona zonsezi amazidziwa. Koma tsikulo mudzi wonse unali utabwera kudzaonera, ndipo munthu amene akuoneredwa satsika kukatola miyala.

Panatsala chinsinsi chimodzi, chimene chinali mutu wa dandaulo lonse: n'chifukwa chiyani makinawa ankazima okha, zonsezi zisanachitike? Makaniko anatukula mpando n'kuloza kabatani kakang'ono kunsi kwake.

"Aka ndi kamlonda. Anakaika kuti munthu akagwa kapena akatsika mipeni ikuzungulira, injini izime, asadulidwe mwendo. Kamafuna kumva kuti pampando pali munthu. Mwachidule, Gogo Chalo, makinawa amafuna wolemera."

"Wolemera motani?" inafunsa nduna yaikulu. "Wa thupi kapena wa m'thumba?"

"Kabatanika kamamva thupi. Zina zonsezi zimamva m'thumba."

Apa m'pamene mayi wa pakhomopo analankhula koyamba. "Gogo Chalo, abambo a anawa atafika kuchokera ku Joni anali wolemera konsekonse. Khosi linali ndi mizere itatu, lamba akumangira pabowo lomaliza. Miyezi itatu yoyamba makinawa sankazima. Ndalama zitayamba kutha, thupi linatsatira. Pabwalo pathu pali mizere yakale ya mbatata, ndiye makina akadumpha, iwonso amadumpha, mpando n'kutsala wokha. Ine ndinkaona ndili pamtondo. Kanthuka kanangozindikira msanga zimene tonse tinazindikira pambuyo pake."

Bwalo linaphulika. Amfumu anachita kumenya ndodo pansi kasanu, iwonso misozi ikutsika.

Ndiloleni ndiike cholembera pansi pang'ono. Tinaseka, inde, koma ndani wa ife angaponye mwala? Yendani kuseri kwa maofesi ambiri m'dziko muno muone mathirakitala, maambulansi ndi majenereta atakhala pa njerwa, udzu utamera m'mawilo. Tsiku lofika zinthu zimenezi pamakhala nthungululu, magule ndi zolankhula mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku logula pulagi sipaoneka munthu. Timakonda kulandira kuposa kusamala, ndipo chinthu chikafa timafunafuna dzanja la munthu, pamene manja ndi athu omwe, aliyense anatengapo kake. Tchona wathu kusiyana kwake n'kwakuti iye anavutika nako yekha kuchokera ku Beitbridge.

Titapuma pang'ono, bwalo linalowa gawo la maluwa. Umboni unali rozi limodzi lozulidwa ndi mizu yomwe, loikidwa m'chitini patsogolo pa amfumu. Linali ndi masamba asanu ndi limodzi, achikasu, a madontho akuda, ndi kaduwa kamodzi kolephera kutsegula maso.

Mayi wa pakhomopo anapitiriza. Anati pabwalo limenelo amayi awo ankasesa, agogo awo ankasesanso. Bwalo losesa limauza munthu m'mawa kuti usiku kwadutsa njoka kapena fisi. M'pamene amayanikapo mphale ndi ufa, ndipo moto wolusa wa mu Okutobala ukafika pamenepo umagwada. Bambowa atafika anati kusesa n'kwachikale, nadzala kapinga. Kapingayo anayamba kuyenda, nalowa m'mabedi a maluwa, nalowa ndi m'khitchini momwe. "Ndiye madzi, Gogo Chalo. Kumjigo n'kutali, pamzere timakhala kuyambira tambala woyamba. Ndowa zinayi za pakhomo, zisanu ndi imodzi za maluwa. Ana anga akuphuka zipsera pamutu chifukwa cha ndiwo zosadyedwa. Koma chimene chinandiwawa ndi feteleza. Thumba langa la Urea, limene ndinalipeza nditagona masiku awiri pamzere, ndinapeza latsika ndi chigawo. Ndinkayesa akuba. Ndikupita kumaluwa, ndikupeza pansi pali mbuu ngati kwagwa matalala."

Mlangizi wa zaulimi, amene anaitanidwa ngati katswiri, anatembenuza rozi lija uku ndi uku. Anati Urea ndi feteleza waukali, pa magawo 100 aliwonse 46 ndi nayitirojeni. Kumuthira chodzaza manja patsinde, dothi lili louma, n'chimodzimodzi kumwetsa khanda mchere: mizu imapsa. Anafunsa kumene maluwawo anadzalidwa. Atamva kuti ali m'mphepete mwa mzere wa bulugamu, anagwira pakamwa. Bulugamu amamwa madzi onse ndi kutchinga dzuwa, pamene rozi limafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi patsiku. Madontho akudawo anati ndi matenda obwera masamba akamagona onyowa, ndipo kuthirira pamwamba madzulo, kuno kozizira ndi kwa nkhungu, n'kuwaitana ndi dzina. Anatembenuza tsamba limodzi n'kuonetsa amfumu nsabwe zobiriwira zitaunjikana kunsonga, nyerere zikuzilondera ngati abusa a ng'ombe.

"Ndiye lafa?" anafunsa amfumu.

Mlangizi anakanda tsinde ndi chikhadabo. Mkati munali mobiriwira. Anati lili moyo, ndipo mwezi uno wa Julaye ndiyo nthawi yeniyeni yodulira marozi ndi kuwasamutsa, poti ali m'tulo. Awachotse kubulugamu, awakumbire maenje akuya pamalo a dzuwa, athiremo manyowa owola bwino, osati ndowe za dzulo. Azithirira patsinde m'mawa, kawiri pa sabata koma mokhutitsa, n'kuphimbira ndi udzu wouma, osaugunditsa kutsinde kuopa chiswe. Masamba odwala awatole ndi kuwatentha. Nsabwe azitsuke ndi madzi a sopo pang'ono. Ndipo ngati akufuna chakudya cha maluwa chosalira ndalama, deliya ali mbwee m'mbali mwa msewu, masamba ake ndi manyowa, ndiponso amachita maluwa achikasu popanda womupempha.

"Koma zimenezi inu mukuzidziwa kuposa ine, achimwene," anamaliza motero mlangizi. "Zaka 14!"

Tchona anaimirira pang'onopang'ono. Ulendo uno sananene eish.

"Ndikuzidziwa. Julaye aliyense ndinkadulira marozi oposa amene ali m'boma lonse lino. Koma kumene kuja madzi amatuluka okha pansi nthawi ikakwana. Manyowa amabwera pagalimoto. Makina akatsokomola, bwana amaimba foni, anthu n'kudzawatenga. Ine ndinkadziwa maluwa, thumba linali la wina. Nditaona akufota kuno ndinachita mantha, ndiye ndinathira chilichonse chimene ndinachipeza. Gogo Chalo, zaka 14 ndakhala ndikukongoletsa khomo la munthu wina, ine ndikugona m'kachipinda kuseri kwa garaja. Ndinkangofuna tsiku limodzi ndikhale pakhonde langa, ndione duwa langa."

Bwalo linati zii. Ngakhale nkhuku za chabwalo zinaleka kupalapata. Amayi ena anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo ine ndinalemba mawuwo onse osadumpha ndi limodzi lomwe.

"Afunseni," anatero apongozi kwa ankhoswe, nkhope idakali kuphiri, "khonde lawolo ndi liti?"

Ankhoswe anayang'ana pansi. Funsolo linali litafika kale.

"Auzeni kuti dothi limenelo ndi la amayi anga. Ine sindidana ndi maluwa. Maluwa a maungu ndimadya. Koma tsiku loyamba kanthu kawoka kanalira, kanadutsa kuseri kwa nkhokwe n'kumeta chisoso changa, luni, bonongwe ndi nkhwani zomwe, iwo ali pamwamba akuimba mluzu. Ati ndi tchire. Tchire limenelo ndi limene linalera mkazi amene anamukwatirayo. Chaka cha njala ya 2002 tinapulumukira masamba omwewo, marozi sitinawaone. Auzeninso kuti akafuna kudzala zosadyedwa, ayambe amanga mpanda. Mwana wa zaka zisanu amadziwa kuti m'mudzi wa mbuzi sudzala kanthu pambalambanda."

Mawu akuti mbuzi anakumbutsa bwalo za mboni yotsiriza, mbuzi ya mlamu uja, imene inamangidwa pamtengo chifukwa inkaganiziridwa kuti ndiyo inkadya nsonga za maluwa. Titatembenuka tinapeza chingwe chili chokha. Mboniyo inali patsogolo pa amfumu, mutu uli m'chitini, ikumaliza tsamba lachisanu ndi chimodzi. Kaduwa kaja kanali katapita kale.

"Yadya umboni!" inakuwa nduna yaikulu.

"Yapereka umboni," anatero mphunzitsi.

Nduna ya Wenela inapempha kuti bwalo liyang'ane bwino nyamayo. Imadzuka popanda kiyi. Siifuna petulo. Mwala imaukwera, siiuwomba. Imatchetcha kutsogolo n'kumathira manyowa kumbuyo, ndipo pakatha chaka imabereka makina ena awiri. "Mwapita mpaka ku Joni kukatenga chinthu chimene munachisiya m'khola."

Mnyamata wina amene amaperekeza alendo kumapanga anapereka maganizo ake. Anati poti kanthuka sikayenda, akakaike kuphanga la Chentcherere alendo azikajambula n'kumalipira. Anakumbutsa bwalo kuti kuyambira 2006 dera lino lili m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha zojambula za pamiyala zopezeka pamalo 127, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, ku Mphunzi, ku Namzeze ndi kwina. Mphunzitsi anakana. Anati zojambulazo zakhala zaka mazanamazana popanda wopempha sipeya, ndipo n'kulakwira makolo kuziyandikizitsa ndi chinthu chimene chatha chaka chimodzi. Wina kumbuyo anati ngakhale kudambwe kumatuluka chilombo chotchedwa Galimoto, ndipo chimayenda bwinobwino popanda petulo chifukwa...

"Khalani chete!" anakalipa amfumu. "Pano pali ana ndi osavinidwa."

Dzuwa linali litapendeka ndipo nduna zinayamba kunong'onezana za chigamulo, pamene tchona anakweza dzanja. "Gogo Chalo, munati nkhani ya batire tibwereranso."

"Tinatero kodi? Mlembi?"

Ndinayang'ana m'kope. Zinalembedwa ndi dzanja langa lomwe. Ndisanatsegule pakamwa, kamdzukulu ka amfumu, kamene kanakhala pamiyendo ya agogo ake aakazi, kanayankha mokondwa kuti kakudziwa yankho: "Batire ija ili kwathu! Ndi imene timatchajira mafoni. Agogo amamverera mpira!"

Sindinaonepo nduna zisanu zikuyang'ana kumwamba nthawi imodzi ngati tsiku limenelo. Amfumu anakonza mkanjo wawo, nayeretsa kukhosi, nafotokoza kuti batireyo sinabedwe. Inasungidwa. Mfumu ndi msunga zonse za m'mudzi, ndipo batire ikangokhala osagwira ntchito imafa yokha. Anatembenukira kwa makaniko kuti atsimikize. Makaniko, amene sanali atalandirabe ndalama ya ulendo wake, anavomera kuti zimenezo n'zoona ndithu.

Chigamulo chinali chotere, monga ndinalembera.

Ufiti palibe. Dzanja lilipo, koma poti manja apezeka ambiri, bwalo silingawadule onse. Kathirakitala kapezeka kosalakwa pa mlandu wokana ntchito, chifukwa palibe wantchito angagwire atalandidwa moto, atamwetsedwa mowa wogona ndiponso khoswe ali m'mphuno. Mnyamata wa kabaza abweze pulagi ndi nkhuku imodzi. Mlamu agule lamba. Tchona apepese apongozi ndi chitenje chatsopano ndi nkhuku, abweze Urea wa mkazi wake nthawi yobereketsa chimanga isanafike, ndipo azule kapinga theka la bwalo kuti tsache libwerere pantchito. Kuseri kwa nkhokwe n'kwa chisoso, asapondeko. Marozi asamutsidwe sabata ino monga wanenera mlangizi, amangiridwe mpanda wa nsungwi, ndipo madzi ake azitunga mwini wake, pamutu kapena panjinga, asankhe yekha. Apongozi avomera kudzera kwa ankhoswe kuti malo a mapazi khumi kutsogolo kwa khonde akhale a mkamwini, awatche ake masiku onse amene ukwati ulipo. Khoswe aweruzidwa asanabwere, ndipo mphaka wa pakhomopo achenjezedwa.

Mbuzi, chifukwa chodya umboni pamaso pa mfumu, yapezeka yolakwa pa mlandu wonyoza bwalo. Chilango chake chinaperekedwa madzulo omwewo, ndipo nduna zinati inali yonona.

Kathirakitala kasungidwe kwa amfumu, pafupi ndi batire yake, kufikira mpeni watsopano utabwera kuchokera ku Joni. Ng'ombe zija zitakakokera kumeneko, amfumu anati ayese mpando, ndipo makaniko anamva kabatani kaja kakulira kuti tcha, pakuti m'mudzi muno munthu wokwana pampando umenewo alipo mmodzi yekha.

Marozi atatu mwa asanu ndi awiri aphukira. Mpeni sunafike. Mlandu wa malire a dimba unaimitsidwa mpaka Loweruka linalo, ndipo amfumu anauweruza atakhala pa Kathirakitala, nkhuku imodzi ya chabwalo ikufungatira mazira kunsi kwake.